Ulemu kwa Njinga ya Makala, Mfumu ya Misewu ya Lusaka

Chisanu chikatha ku Ulaya, anthu andalama zawo amalongedza njinga n'kupita ku mapiri a Alps kukadzizunza mwadala. Amasaka timisewu ta zii ta m'zigwa, kenaka n'kuyamba kulimbana ndi zitunda. Ena amakwera Stelvio ku Italy, msewu wa makona 48 wofika pamtunda wa mamita 2,757. Ena amasankha Alpe d'Huez ku France, wa makona 21, womwe unatchuka ndi mpikisano wa Tour de France. Akafika pamwamba amajambulitsa, anzawo n'kuwaombera m'manja. Tisawachitire nsanje. Kuno ku Lusaka tili ndi ngwazi yoposa onsewo, kungoti ife m'malo moiombera m'manja timaiimbira hutala. Ndikunena njinga ya makala, yakuda bii, yolira kwee kwee, mfumu yopanda nduna.

Tiyambe ndi thupi lake. Malamulo a mipikisano ikuluikulu amaletsa njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8, chifukwa akatswiri akunja amalimbirana kuchepetsa kulemera. Yathuyi manyazi otero ilibe. Keliyala yake ndi ya zitsulo zomangira nyumba, yowotcheredwa ndi amisiri a m'komboni. Pamenepo pamakhala matumba atatu kapena anayi, lililonse lili ndi chimutu cholukidwa ndi timitengo ndi luzi, onse omangidwa ndi malegeni. Mukaiona kumbuyo simuona munthu. Mumangoona makala akuyenda okha. Giya ili nayo imodzi, poti mfumu sisinthasintha maganizo. Mapedulo anatha kalekale, patsala tizitsulo tiwiri tonyezimira. Mabuleki ndi phazi la mwini wake, ndipo sanaphonyepo ntchito pokhapokha patapata itaduka.

Ndi yakubanja labwinonso. Makolo ake ena ndi njinga za Eagle zomwe zinkapangidwa ndi Luangwa Industries ku Chipata. Adzukulu ake ndi za Buffalo, zomwe bungwe la World Bicycle Relief linabweretsa, zokhala ndi keliyala yoti inyamule makilogalamu 100. Opanga analemba nambalayo ngati malire. Wamakala anaiwerenga ngati poyambira.

Nanga ulendo wake? Azungu aja amalipira ndege kuti akapeze msewu wopanda phokoso. Mfumu yathu imaupeza ulere, chifukwa imanyamuka tambala asanalire. Kuchokera ku Chongwe kufika m'tauni ndi makilomita pafupifupi 45, ndipo uvuni suli pa Chongwe penipeni ayi, uli mkati mwa tchire. Imayamba ndi mchenga, kenaka miyala, kenaka phula la Great East Road. Mumdima umenewo nyali yake ndi mwezi, mwezi ukakana imabwereka kuwala kwa malole opita ku Chipata ndi ku Malawi, omwe amaipatsa moni ndi chimphepo chofuna kuiponyera m'ngalande. Pofika pa Chelstone dzuwa likutuluka, ntchito yomwe wothamanga wa ku Ulaya akanalandira nayo mendulo yatha kale, koma kugulitsa kusanayambe.

Ena anganene kuti Lusaka ilibe mapiri. N'zoona, mzindawu unakhala pachidikha chokwera mamita pafupifupi 1,280, ndipo woyenda pa galimoto amalumbira kuti msewu wonse ndi see. Ameneyo amumangirire matumba anayi kumbuyo, aone ngati sapeza phiri pakati pa Munali ndi Arcades. Njinga ya makala ili ndi luso losandutsa kachitunda kalikonse kukhala Stelvio. Pokwera mwini wake amatsika n'kuikankha, mutu pansi, mitsempha ya m'khosi ili njo. Potsetsereka ndiye mpamene pamaoneka chikhulupiriro, chifukwa katundu ndiye amayendetsa, munthu amangopemphera. Zopinga zina ku Alps sanazimvepo: minibasi yoima mwadzidzidzi itaona munthu akukanda mutu, ang'wang'wazi othamangira chikwama cha mayi, m'mphepete mwa phula mongobenthukabenthuka, ndi madzi a mvula obisa dzenje. Pamene boma linatsegula milatho ya m'mwamba ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres m'zaka za 2020 ndi 2021, magalimoto anapeza mpumulo. Mfumu yathu, mwa kudzichepetsa kwake, inatsalira m'mphepete momwe inali.

Amene akufuna kuona ulemerero wake wonse apite ku Leopards Hill Road Loweruka m'mawa. Kumeneko n'komwe apamwamba a ku Kabulonga ndi ku Woodlands amakapalasa njinga zawo zodula, atavala zothina zonyezimira, zisoti kumutu, mabotolo a madzi pambali. Iwo akutuluka m'tauni, njinga za makala zikulowa kulunjika ku Bauleni. Amapishana pamsewu umodzi, thukuta lili kamukamu onsewo, koma wina akupalasa kuti mimba iphwe, wina kuti mimba ilandire kanthu. Wa chisoti akabwerera kunyumba amaonetsa anzake pafoni makilomita omwe wayenda. Wa makala sawerenga makilomita. Amawerenga matumba otsala.

Ubwino wake waukulu unaonekera mu 2024. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba opangira magetsi anatsika, ndipo pofika miyezi yotentha magetsi ankatha kuzima maola 21 patsiku. Masitovu a kumayadi anasanduka matebulo. Pamafulati a ku Kabwata mbaula zinandandalika m'makonde. Mageti aatali a ku Kabulonga, omwe satsegukira munthu woyenda pansi, anatsegukira njinga ya makala, alonda n'kuithandiza kukankha. Palibe chipani cha ndale chomwe chinagwirizanitsapo komboni ya Mtendere ndi Kabulonga monga inachitira njingayi: onse anadya nsima ya fungo limodzi. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chaka chimenecho mzinda wonse unamudziwa mayi wake.

Ndipo taonani kuleza mtima kwake pa geti. "Malasha zingati, amalume?" amafunsa mayi wa nyumba, makiyi a galimoto ali m'manja. Akamva mtengo amagwira pakamwa. "Iyayi, mwadulitsa! Chotsaniko, muikeponso mbasela." Munthu amene mafuta a galimoto amalipira osatsutsa ngakhale ngwee imodzi, amalimbana mphindi khumi ndi munthu amene wapalasa usiku wonse. Wamakala amangoti, "Amayi, kumene achokera n'kutali," n'kuchotsako ndithu, n'kusenza thumba mpaka kuseri kwa khitchini. Ndi msika uti wamakono umene ungakuchitireni zotere?

Adani ake amati njingayi ikutha nkhalango. Amakumbutsa kuti dziko la Zambia limataya mahekitala pakati pa 250,000 ndi 300,000 a nkhalango pachaka malinga ndi chiyerekezo chomwe chimatchulidwa kawirikawiri, ndipo makala ali m'gulu la zifukwa zake pamodzi ndi kutsegula minda. Sitikana. Koma onani mtima wa ngwazi: chaka chilichonse imadzitalikitsira yokha mpikisano. Mitengo ya mombo ikatha pafupi, uvuni umasamukira patsogolo, ulendo n'kuwonjezeka. Wothamanga uti wa ku Ulaya amene amasunthira yekha mzere woyambira kumbuyo? Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna chilolezo chowotchera ndi kunyamulira makala, ndipo mu 2024 boma linaletsa kuwotcha makala ku Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi. Apanso njinga imaonetsa khalidwe: ndi yosavuta kugwira. Lole yodzaza matumba mazanamazana imafuna kuithamangitsa, pamene njinga mungaiimitse ndi dzanja limodzi uku mukudya chinangwa.

Imatichitiranso chifundo china chachikulu: imatisenzera mlandu. Ku Woodlands kulibe amene anadulapo mtengo wa m'tchire. Ife timangophika nyemba pa mbaula ngakhale magetsi alipo, poti pa sitovu zimatha mayunitsi. Timangootcha nyama Lamlungu masana, tikudandaula kuti mvula siikubweranso bwino masiku ano. Manja athu ndi oyera, akuda ndi a wopalasa. Tikafuna woloza chala, njinga imakhala ili pomwepo pamsewu, yochedwa, yotchinga njira, yoyenera kutukwanidwa.

Za malipiro ake sitinganene zambiri, chifukwa n'zochepa. Mwini wake amalandira msana wopweteka, mawondo olira ndi chifuwa cha fumbi la makala. Madzulo amabwerera njira yomweyo, pa keliyala pali matumba opinda, kathumba ka ufa, mchere, sopo ndi kabotolo ka saladi. Tayala likaphulika amalimanga ndi legeni n'kupitiriza. Penshoni yake ndi mwana amene adzalandire njingayo.

Choncho ndikupempha kuti mfumuyi ilandire ulemu woyenera. Pa Independence Avenue tili ndi chipilala cha ufulu, cha munthu wodula unyolo. Pa randabauti ya Kabulonga payenera china, cha munthu wogwada pambali pa matumba anayi akubwezeretsa tcheni. Ngati ndalama za chipilala palibe, tilandira zochepa: kanjira ka njinga m'mbali mwa Great East Road kuchokera ku Chelstone mpaka m'tauni, kopanda minibasi yoimikamo. Amene akufunadi kuti mfumuyi ipume ndi mitengo ipume, atsitse mtengo wa gasi, magetsi akhale odalirika, ndipo wopalasayo apezeredwe katundu wina woti azinyamula, chifukwa miyendo yotere siyoti ingatayidwe.

Kufikira tsiku limenelo, inu a pa chiwongolero, mukaipeza kutsogolo kwanu chotsani dzanja pa hutala, chepetsani liwiro, muipatse mpata wokwanira poidutsa. Ndipo inu amayi ndi abambo a kumayadi, ikafika pa geti panu lipirani mtengo womwe mwauzidwa, mbasela muisiye, mumupatse munthuyo madzi akumwa.