Mlandu suwola, atero pa Chitakale

Njinga yanga inaphulika tayala lakumbuyo nditangofika pamphambano ya Chitakale, pomwe msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatukira kusiyana ndi waukulu wopita ku Muloza. Linali Loweruka, pa 5 Sepitembala 2020, dzuwa lili paliwombo, phiri la Mulanje litabisala mu utsi wa moto wolusa monga limachitira nyengo imeneyi. Ndinaikankha mpaka patsinde pa mango pomwe mnyamata wina amamata machubu. Anandiuza kuti ndidikire, patsogolo panga panali njinga zitatu za kabaza. Ndinakhala pabenchi. Sindinafunse munthu kanthu, nkhani inandipeza yokha.

Pabenchipo panali kale mkulu wina wa imvi, manja ali mbuu, akudikira womunyamulira matumba awiri a simenti. Chapafupi mayi wina anali atayala nanazi ndi nthochi pasaka, mpeni uli m'manja. Ndiye panali mnyamata wa jekete lachikopa, kutentha konseko, wa mtundu uja woti ukangomuona umadziwa kuti anakhalako ku Joni ndipo akufuna kuti udziwe. Zotchinga pakamwa za korona tonse tinali titazitsitsira kuchibwano.

"Amupatsa moyo wonse," anatero womata machubu, maso ali m'beseni la madzi kusaka pobooka. "Dzulo ku Zomba. Ndamva pawailesi."

"Ndani ameneyo?" anafunsa mayi wa nanazi.

"Chanthunya. Wa simenti uja."

Onse anati "ooo" nthawi imodzi, ngati anthu okumbutsidwa ngongole yakale. Zaka 10 si masewera. Mwana amene anabadwa chaka chomwe nkhaniyi inayamba ali m'makalasi apakati ku pulaimale, amatha kutumidwa kumsika yekha.

Kwa amene munali ana nthawiyo, nkhani yake ndi iyi. Linda Gasa anali mtsikana wa ku Zimbabwe, wa zaka 25, amene ankaphunzira zowerengera ndalama pa Malawi College of Accountancy mu Blantyre. Anali pachibwenzi ndi Misozi Chanthunya, munthu wa bizinesi wochokera kubanja lodziwika. Kumayambiriro kwa Ogasiti 2010 Linda anasowa. Patapita masabata, apolisi anakafukula thupi lake ku Monkey Bay m'boma la Mangochi, m'nyumba yopumulirako ya kunyanja ya banja la a Chanthunya, litakwiriridwa m'bafa pansi pa konkire. Nyuzipepala za masiku amenewo zinkalemba kuti mtsikanayo anali ndi pathupi ndipo anakana kupachotsa. Pamene apolisi ankati amugwire, mwini nkhani anali atatuluka m'dziko. Pa 28 Ogasiti 2020 jaji Ruth Chinangwa wa khoti lalikulu anamupeza wolakwa pa milandu itatu: kupha, kulepheretsa kuti mtembo uikidwe m'manda, ndi kunama atalumbira. Pa 4 Sepitembala anagamula kuti akakhale kundende moyo wake wonse chifukwa cha kuphako, ndi zaka ziwiriziwiri pa milandu inayo.

Mkulu wa simenti anayang'ana matumba ake nthawi yaitali, ngati amulakwira.

"Ine ndamanga zaka zambiri," anatero. "Nyumba za m'maesiteti, mashopu a ku Limbuli, zimbudzi za pasukulu. Simenti siisunga chinsinsi, ana inu. Imasunga khoma. Konkire yatsopano ndi yakale sizifanana mtundu, ngakhale upake chiyani. Pomwe zakumana pamakhala mzere. Ukagogoda ndi hamala, pansi pomwe panakumbidwa pamalira mosiyana ndi pomwe dothi silinasunthidwe. Dothi lobwezera limatitimira pang'onopang'ono, pamwamba nkuyamba ming'alu. Munthu wa ndalama amaona ngati akathira simenti ndiye kuti watseka. Ife ogwira fosholo timadziwa kuti wasaina."

Womata machubu anaseka, koma mkuluyo sanaseke nawo.

"Chondiwawa ine nchakuti simenti yomweyi ndi imene timamangira ziliza. Abale amasonkha, wina thumba, wina mchenga, wina nkhuku ya amisiri. Timamanga masana, mfumu ikudziwa, amayi akuimba. Timalemba dzina simenti isanaume. Iyeyu anamumangira mwana wa eni chiliza chopanda dzina, m'bafa."

Pamenepo mayi wa nanazi anasiya kusenda.

"Zaka ziwiri zokha pa zimenezo?"

"Ndi momwe lamulo lilili, amayi," anayankha wa jekete. "Zimayendera limodzi ndi chilango chachikulucho. Sizionjezera kanthu."

"Kwa inu sizionjezera kanthu."

Ndinaona kuti mayiyu wagwira pomwe ife amuna tinalumpha. Kuno maliro si a banja limodzi. Munthu akatsikira kuli chete, uthenga umapita kwa amfumu kaye, kenako kwa atsibweni, eni mbumba. Adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, amayi amagona pasiwa, ngakhale mdani wako amabwera kudzakhala pansi. Wofera ku Joni timamusonkhera ndalama kuti bokosi lake lidutse pa Mwanza, adzagone pafupi ndi amayi ake. Ndiye taganizani makolo ali ku Zimbabwe, akuimba foni ya mwana wawo osayankhidwa, sakudziwa ngati alire kapena adikire. Buku la malamulo limautenga mlandu umenewu ngati waung'ono. Pabenchi paja unalemera pafupifupi ngati kuphako.

Wa jekete sanafune kuti nkhani imuthawe. Anakoka benchi ndi kuyamba kufotokoza za kumene iye amakudziwa.

"Anamugwira mu 2012, a Interpol, ku Rustenburg. Tauni ya migodi imeneyo, Amalawi aliko ambiri. Koma kubwera kuno anabwera mu Malichi 2018. Werengani nokha. Zaka 6 akukokanakokana m'makhoti a kumeneko."

"Ndalama zimenezo," anatero womata machubu. "Akanakhala ine akanandiponya mu lole tsiku lomwelo."

"Ndalama inde, maloya sadya mawu. Koma si ndalama zokha, achimwene. Ku South Africa kulibe kunyonga. Ndiye iwo sapereka munthu kudziko lomwe angakamunyonge, pokhapokha boma lakelo litalonjeza kuti silikatero."

Apa mnyamatayu sananame. Khoti la malamulo aakulu la South Africa linathetsa chilango cha imfa mu 1995, ndipo pambuyo pake linagamula kuti boma lawo lisamatumize munthu kokaphedwa popanda lonjezo lotere. Kwathu kuno chilangocho chidakali m'buku, ngakhale kuti chingwe cha ku Zomba chinagwira ntchito komaliza mu 1992. Mu 2007, pamlandu wa Kafantayeni, khoti linati si wopha aliyense amene ayenera kugamulidwa imfa, woweruza aziona mlandu ndi mlandu. Ndiye chilango chomwe sitinachigwiritse ntchito zaka pafupifupi 30 ndi chomwe chinathandiza kuchedwetsa chilungamo cha mtsikana wophedwa. Ndinafuna kunena zimenezi mokweza, koma pabenchi ya eni mlendo amamvetsera.

"Kuthawa nkosavuta," anapitiriza wa jekete, akuloza ndi chibwano chakum'mawa. "Apa pa Muloza pokha, ndi angati amawoloka tsiku lililonse kupita ku Milanje osaonetsa pepala? Njinga za chimanga zimadutsa pamadzi. Ukapalamula m'mawa, nsima ya masana ukadyera ku Mozambique."

"Koma mlandu suwola," anatero mkulu wa simenti.

"Suwola, koma mboni zimafa, madala. Ena amasamuka, ena amaiwala. Wapolisi amene anafukula uja mwina anapuma kale ntchito. Mafailo amadyedwa ndi chiswe."

"Awa sanadyedwe."

Sanadyedwedi, ndipo pamenepa apolisi ndi oimira boma pamilandu tiwapatse zawo. Timawanena zambiri, zina zoona. Koma kusunga umboni wa 2010 mpaka ukaime pamaso pa jaji mu 2020, boma litasintha manja kangapo, kuchoka kwa Bingu wa Mutharika, kudzera kwa Joyce Banda ndi Peter Mutharika, mpaka kwa Lazarus Chakwera amene analowa mu Juni 2020, si ntchito ya ulesi. Palibe amene anaona ndi maso zomwe zinachitika m'nyumba muja nkudzaziulula pabwalo. Mlandu wotere umamangidwa ngati khoma, njerwa imodziimodzi: anali ndi ndani komaliza, anapita kuti, nyumbayo ndi ya yani, ananena chiyani atafunsidwa, anathawiranji.

Kabaza wina amene ankadikira njinga yake, amene mpaka apa anali chete akutafuna nzimbe, analavula zitsotso nkulowerera.

"Zaka 10 nzambiri. Anthu otere kumangothana nawo pompo. Tayala ndi petulo, nkhani yatha."

Pabenchi panazizira. Mkulu wa simenti anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Unali kuti mu 2017, mwana iwe?"

"Konkuno."

"Ndiye unaona."

Sanafunike kunena zambiri. Aliyense wa ku Mulanje amakumbuka miyezi ija ya anamapopa, kuyambira Sepitembala 2017, pamene mphekesera yoti kuli anthu opopa magazi inagwira boma lino ndi Phalombe nkufalikira mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata anatseka misewu ndi mitengo nkumasecha galimoto iliyonse, a United Nations anachotsa antchito awo m'maboma awiriwa. Anthu anaphedwa ndi magulu olusa, ena chifukwa chongokhala alendo pamudzi, atanyamula chikwama chomwe wina sanachimvetse. Chiweruzo cha pompo chija chinatenga mphindi zochepa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa ophedwawo amene anapezeka ndi dontho la magazi a munthu.

"Chanthunya uja anafunsidwa, anayankha, anali ndi maloya, mboni zinalankhula iye akumva," anatero mkuluyo. "Lero palibe anganene kuti amupachika wosalakwa popanda kumumva. Iwe ndi petulo wakoyo ukanawotcha mlonda wa panyumbapo."

Kabaza uja anabwerera ku nzimbe yake.

Apa nkuti chubu changa chili m'manja mwa mnyamata uja, akuchipala ndi chitsulo kuti guluu agwire. Nkhani inayamba kupita kwina, monga zimachitira nkhani za pamsewu. Wina anati atsikana a masiku ano amakonda amuna a galimoto. Wina anati ukadya za mwamuna wa mwini umalipira. Ankanena mopepuka, ngati akukamba za mtengo wa feteleza, ndipo ndinaona mutu wa womata machubu ukuvomereza.

Mayi wa nanazi anabaya mpeni wake pananazi nkuusiya uli chiimire.

"Abambo inu, chiyambire mwakhala mukuti Chanthunya, Chanthunya. Wa simenti, wa ndalama, wa ku Joni. Mtsikanayo dzina lake ndani?"

Anayang'anizana. Wa jekete anatsegula pakamwa nkutsekanso. Mkulu wa simenti anakanda m'mutu. Womata machubu anati dzinalo analimva dzulo lomweli pawailesi koma lamuthawa.

"Linda," ndinatero. Ndi mawu okhawo amene ndinalankhula pabenchipo. "Linda Gasa."

"Linda," anabwereza mayiyo pang'onopang'ono, ngati akulawa. "Mwamva? Mayi wake anamutumiza kusukulu kudziko la eni kuti akaphunzire. Lero mukumuweruza inu, amene simudziwa ndi dzina lake lomwe. Mwamunayo anali mwana? Sankadziwa chomwe ankachita? Mimba amaitenga munthu mmodzi?"

Palibe anayankha. Iye anapitiriza, tsopano akulankhula motsitsa, maso ali kuminda ya tiyi yomwe imayambira kuseri kwa mashopu nkukwera mpaka m'tsinde mwa phiri.

"Ameneyo anali wa kukoleji, nkhani yake inalembedwa m'nyuzi, abale ake sanagone. Nanga wothyola tiyi akasowa? Kapitawo amangolemba kuti sanabwere kuntchito, dengu lake nkupatsa wina. Kumudzi amati wathawira ku Limbe ndi mwamuna. Amene amamumenya usiku uliwonse ndi amene amayamba kunena zimenezo, ankhoswe nkuvomereza. Ukapita kupolisi amakufunsa kuti muli ndi chithunzi chake? Chithunzi ndichitenga kuti?"

Wa jekete anayesa kunena kuti masiku ano kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Zonsezo nzoona. Mayiyo anangoti, "Lilipo," nkuzula mpeni wake.

Kabaza wa mkulu uja anafika. Anakweza matumba awiri aja pakaliyala, nkuwamanga ndi lamba wa chubu chakale, njinga ikunjenjemera. Mkuluyo anatsanzika aliyense, nafika kwa mayi uja anavula chipewa. Wa jekete anaona minibasi ya ku Limbe ikuitanira, anathamangira. Womata machubu anapopa tayala langa, nkulidina ndi chala, nkunena mtengo.

Ndikuwerenga ndalama, ndinamva mayi uja akupempha mtsikana wa pashopu yoyandikana kuti amubwereke foni, yake yatha mayunitsi. Anatulutsa kapepala kopindapinda pamfundo ya chitenje, nawerenga manambala imodziimodzi. Mwana wake, ndinamva akuuza mtsikanayo, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Blantyre, ndipo papita masabata awiri asanalankhulane.

Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Ndinali nditakwera kale njinga, phazi limodzi lili pansi, koma sindinapalase. Inaitana kachiwiri, kachitatu, kachinayi.

"Halo? Iwe! Bwanji osayankha foni? Uli kuti?"