Nsapato Nazo Akuti Zivale

Anthu a ku Scotland ali ndi luso lokugulitsa chinthu chomwe sunachilotepo. Ukagula nsapato zokwerera phiri, amakuuza kuti nsapatozo nazo zikufuna chovala chake. Chovalacho ndi ma gaiter: nsalu yosalowa madzi yokuta mwendo kuchokera pansapato kulekeza m'munsi mwa bondo. Kutsogolo kuli kangowe kokola pazingwe za nsapato, kunsi kuli lamba wodutsa pansi pa nsapato kuti nsaluyo isakwere.

Ine ndine Mmalawi wa ku Glasgow kuno, amene paundi iliyonse ndimayamba ndaiwerengera m'makwacha isanatuluke m'thumba. Choncho mfundo zokanira ndinali nazo. Phiri lalitali kuposa onse ku Britain, Ben Nevis, ndi mamita 1,345 basi. Sapitwa wathu pa Mulanje ndi mamita 3,002. Munthu wochokera kotero angaope chitunda? Zoti Sapitwayo ndinangomuonera pawindo la minibasi ya ku Muloza, amenewo ndi mawu osayenera kutuluka pagulu.

Anzanga a kuntchito atandiitanira ku Ben Lomond, kaphiri ka mamita 974, ndinapanga ma gaiter anga: majumbo awiri omanga ndi malegeni a chubu cha njinga. Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumajumbo.

"Abambo, mukupita kuphiri kapena kuchigayo?"

Sindinayankhe. Katswiri sakangana ndi anthu a m'chigwa.

Majumbo anagwira ntchito yake mokhulupirika mpaka pomwe panayambira chipale chofewa. Ndinkayenda ndikulira tswaa tswaa, nkhosa za eni zikuthawa. Kenaka mwendo unatitimira mpaka m'katumba, jumbo n'kung'ambika, malegeni n'kutsala akundifinya mtsempha popanda chifukwa.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Chipale sichilowa poboola nsapato ayi, chimalowera pakhomo, pamwamba pa akakolo. Chikalowa, kutentha kwa phazi lako lomwe kumachisungunula, sokosi n'kunyowa. Tsono nsapato yosalowa madzi ija, yomwe unaigula modula, siitulutsanso madzi. Imawasunga bwinobwino. Phazi lonyowa limazizira msanga kuposa louma, khungu limafewa, matuza amabwera, zala zimachita dzanzi, ndipo kukazizira kwambiri zimatha kuwonongekeratu. Anga mapazi povula madzulo anali ngati chinangwa cha kondowole chomwe chagonera m'madzi.

Gogo wina wa ku Scotland konkuno, tsitsi lonse mbuu, anandipitirira akuyenda mosatekeseka, masokosi ake ali gwaa. Anandipatsa moni waulemu n'kuyang'ana majumbo anga mwachifundo. Chifundo chimenecho chinandilasa kuposa mphepo.

Poti ndine wachilungamo, ndinene kuti ouma manja anzanga sakulakwa ponseponse. Njira ikakhala yopondedwa kale, chipale chosafika n'mu akakolo momwe, ma gaiter ndi katundu chabe. Amatenthetsa miyendo, thukuta n'kumanyowetsa thalauza mkati. Mathalauza ena a kuphiri amabwera ndi mphira yawo yogwira pansapato, ndipo pachipale chochepa imakwanira. Komanso kuvala kwake n'kwamwambo: chomangira lamba chikhale chakunja kwa phazi. Mukachiika chamkati, miyendo yanu iwiri imakolana, mukagwa nokha popanda wokutcherani ndale.

Koma phiri sililonjeza kanthu. Pansi pamakhala matope, pakati madzi, pamwamba mphepo yaunjika chipale m'maenje ofika m'mawondo. Ovala ma crampon, zitsulo zamano zopondera pa ayezi, amadziwanso kuti mano amenewo amakonda thalauza, ndipo bola ang'ambe gaiter. Chilimwe chikafika nsalu yomweyo imatchinga matope ndi nkhupakupa, zomwe kuno zilipo zambiri m'matchire. Mtengo wake sufika pa wa nsapato zomwe ikuteteza.

Mayi a kunyumba, pondithirira madzi ofunda m'beseni, anaweruza mlandu wonse: "Abambo, jekete ndi nsapato tizipeza kukaunjika. Zala za kuphazi sindinazionepo pa belo."

Ndiye abale anga a ku Glasgow, Edinburgh ndi kwina konse kogwa chipale, ngati ulendo wanu ndi wa kupaki, sungani ndalama mutumize kumudzi. Ngati ndi wa kuphiri m'nyengo yozizira, gulani ma gaiter, majumbo musiyire zinyalala.