Fanta Wozizira Anandiiwalitsa Mjigo

Pa nkhani ya kudandaula, ife a m'munsi mwa mapiri a Mafinga palibe angatipose, ndipo pakati pathu katswiri ndine. Mukandipeza pabawo ku Chisenga madzulo, ndimakonza msewu, kulemba ntchito anamwino ndi kuchotsa nduna ziwiri, zonsezo ndisanamalize kutakata.

Zodandaulazo si zopeka ayi. Msewu wochokera ku Karonga anauthira phula, tikuthokoza, koma phulalo linatopera pa boma la Chitipa. Kuchoka pamenepo kubwera kuno ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. Za msewu wodzera ku Nthalire ndi ku Nyika mpaka ku Rumphi, ndinayamba kumva kuti "ayamba posachedwa" ndili ndi tsitsi. Lero dazi lafika kunkhongo. Wina akadwala usiku, woimbira ambulansi amayamba wakwera pachulu kusaka netiweki, ndipo akafika pamwamba foni imamulandira ku Zambia.

Koma yondidya mumtima ndi ya madzi. Mtsinje wa Luangwa umayambira m'mapiri omwewa. Madzi ake amatsika m'dziko la Zambia, n'kukathira mu Zambezi, n'kukazunguza makina ku Cahora Bassa, magetsi ake n'kukayaka mpaka ku South Africa. Ndiye kuti mvula yogwa kuseri kwa phiri lathuli ikuphika tiyi ku Johannesburg, pamene mayi a kunyumba akupopa mjigo wongotulutsa phokoso. Za ndalama zokonzera mjigowo musandifunse. Msungichuma wa komiti ndine, ndipo imeneyo tidzakambe tsiku lina.

Tsono zitamveka kuti kukubwera bwana wochokera ku Lilongwe, anthu anati, "Pakamwa paja muli napo ndinu, mukatiyankhulire." Madandaulo anabwera m'Chilambya, m'Chitumbuka, ena m'Chinyiha, ine n'kuwalemba bwinobwino papepala lothothola m'kope la mwana. Jekete ndinabwereka kwa alamu.

Tsikulo anandikhazika kutsogolo, pampando wapulasitiki, n'kundipatsa Fanta. Wozizira! Kuno chinthu chozizira timachiona mu Juni basi. Ndikumwa pang'onopang'ono kuti aliyense aone, ndinangomva akuti, "Tsopano timve kwa bambo mneneri wa anthu." Ine mneneri! Mawondo anafewa, lilime linatsekemera. Ndinadzuka, n'kukonza jekete la eni, n'kuti, "Bwana, ife kuno tili bwino ndithu, tangothokoza kuti mwatikumbukira." Amayi nthungululu, bwana kumwetulira, pepala lili phee m'thumba. Ngakhale amfumu, amene dzulo lake analumbira kuti bwanayo sachoka osayankha za mankhwala, anali patsogolo kuomba m'manja.

Kunyumba sindinakalipiridwe. Mayi anangondiikira ndowa ziwiri pakhomo. "Poti tili bwino, abambo, katungeni kudambo."

Komabe mlanduwu sindisenza ndekha. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinachitika msewu uli wouma, n'chifukwa chake galimoto za misonkhano zinkafika mpaka kuno, eni ake n'kumabwerera akuti msewu ulipo. Inu aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, chisankho chikubwerachi tiikireni mu Febuluwale, mvula ili pakati. Amene adzafike ku Mafinga ndi galimoto yake osakankhidwa, voti yanga ndi yake, ngakhale asabwere ndi Fanta.