Kaundula wa ndalama za m'nyumba, Libuyu, mwezi wa Juni

Wodwala: amayi, khansa ya khomo la chiberekero. Adokotala ananena kuti kuchira sikuthekanso, chotsala n'kuwachepetsera ululu. Wodwazika ndi wolemba: ine, mwana wawo wamkazi.

ZOLOWA

Malonda a tomato ndi kapenta pamsika: K1,400. Amayi asanagone pamphasa ndinkapeza K2,600.
Achimwene a ku Kitwe, pafoni: K1,000.
Chilimba: K1,500. Sunali mwezi wanga, anzanga anandipatsa malo awo.
Amayi a kumphakati: kusesa, kuchapa, kukhala ndi wodwala Lachitatu lililonse. Salipiritsa.
Zonse pamodzi: K3,900.

ZOTULUKA

Lendi: K700.
Ufa ndi ndiwo: K900.
Magetsi ndi madzi: K250.
Matewera a akuluakulu, mapaketi 4: K1,120. Tinayesa zitenje zakale, koma Juni kumazizira, siziuma msanga.
Sopo, Jik, magolovesi, Vaseline: K260.
Makala, matumba 2: K400. Madzi osambitsira ayenera kufunda, ndipo mbaula imagona m'khonde mpaka m'bandakucha.
Ufa wa soya, nsinjiro ndi mkaka wa phala: K350. Amadya masipuni ochepa, chotsala amamaliza ana.
Panado ndi mankhwala ena a kufamasi: K180.
Mankhwala ofewetsa m'mimba: K90. Mofini amadzimbitsa, choncho awiriwa amayendera limodzi.
Mayunitsi a foni: K100.
Mofini wamadzi: K0.

Mzere umenewu ndi woona. Mankhwala amene amagonetsa amayi tulo sitigula. Chodula ndi njira yokawatengera.

Takisi yopita kuchipatala ndi kubwerera, katatu: K600. Amayi sangathe kupanikizana ndi anthu pampando, ndiye timalipira galimoto yonse. Ulendo umodzi unali wa usiku, botolo litatha Loweruka. Pabampu lililonse ankandigwira dzanja n'kumati, “Mwanawe, muuze ayende pang'onopang'ono.”
Maulendo anga ndekha okafunsa mankhwala: K120. Tsiku lotero tebulo la kumsika limakhala lovundikira.
Ulendo wa ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital: K0. Kuchokera kuno ku Livingstone ndi mtunda woposa makilomita 450, ndipo amayi anati thupi lawo silingathenso basi. Amalume anavomereza.
Zonse pamodzi: K5,070.

Kupereŵera: K1,170.
Kaloba: ndatenga K1,200, ndidzabweza K1,800.

MIZERE IMENE IKANATHA KUFUFUTIDWA

Mayendedwe onse, K720, komanso gawo lalikulu la K1,200 imene yataika kumsika. Kuphatikizapo chiwongoladzanja cha kaloba, K600. Ndalama zimenezi sizinagule mankhwala kapena chakudya. Zinapita ponyamula munthu womva ululu kumka naye kumene kuli cholembera ndi kiyi ya kabati ya mofini.

Kwina anakonza kale zimenezi. Ku Uganda, kuyambira mu 2004, anamwino ophunzitsidwa bwino amaloledwa kulembera wodwala mofini, ndipo a Hospice Africa Uganda, imene anayambitsa Dr Anne Merriman mu 1993, amayendera odwala m'makomo. Ku Malawi kuli Ndi Moyo ku Salima ndi Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 2014 mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti chisamaliro chochepetsa ululu chikhale mbali ya ntchito za umoyo pamlingo uliwonse, mpaka kumudzi ndi kunyumba. Kuno kwathu ntchitoyi yakhala kwambiri pamapewa a mipingo ndi anthu odzipereka, amene anaiphunzira m'zaka zoŵaŵa za Edzi.

Chimene nyumba ino ikupempha n'chochepa. Namwino wa pakiliniki yapafupi akhale ndi mofini ndi chilolezo choupereka. Azifika kunyumba kamodzi pamlungu, aone botolo lisanathe, aone zilonda za kumsana, andiphunzitse kuwatembenuza popanda kuwapweteka. Pakhale nambala imodzi yoyankhidwa usiku. Khadi la wodwala likhale limodzi, kuti ndisamafotokoze matenda kuyambira pachiyambi pakhomo lililonse. Matewera alowe m'gulu la zinthu zothandizidwa, chifukwa ndiwo mzere waukulu kuposa yonse ya zotuluka m'kaundula muno, kuposa lendi.

ZOPITA KU JULAYI

Ngongole ya kaloba: K1,800, tsiku lomaliza 30.
Chilimba: kusonkha K300.
Mofini wotsala m'botolo: wa masiku 5.
Ndalama m'chikwama: K30.