Kamba wa ku Redwood City

Mu Julayi 2025 kampani ya Apple inakamang'ala kukhoti ku California kuti Jon Prosser, mkulu wina wodziwika pa YouTube, anaulula maonekedwe a iOS 26 nthawi yake isanakwane. A Apple akuti mnzake wa Prosser anatsegula mwakabisira foni yoyesera ya wantchito wawo wina n'kumuonetsa Prosser zam'katimo pa FaceTime. Prosser anakana, nati nkhani sinayende choncho. Wonena zoona amupeza ndi oweruza. Ine chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti woyamba kulira pa anthu onsewa anali wantchito uja, amene anachotsedwa ntchito. Agogo athu anati kamba amanyerera amene wamutola. Nanga uyu anatola chiyani?

Mwambi sitiuyesa ndi kamwana ka kamba. Tiyeni tipite kwa kamba wamkulu, wa mu 2010.

Mu Malichi chaka chimenecho, injiniya wina wa Apple anapita kukakondwerera tsiku lake lobadwa ku Gourmet Haus Staudt, malo ogulitsa mowa wa ku Germany mumzinda wa Redwood City. Anali atakwanitsa zaka 27. M'thumba mwake munali iPhone 4, foni imene dziko linali lisanaionepo, imene mabwana ake anamupatsa kuti aziyenda nayo poiyesa. Tsono taonani mmene agogo analotera. A Apple anaiveka foniyo chigoba. Anaiika m'kava yopangidwa mwadala kuti aliyense woiona aziti ndi iPhone 3GS, imene inali kale m'masitolo. Mnyamata uja atamaliza chisangalalo ananyamuka n'kumapita, kamba n'kutsala pampando.

Anamutola ndi mnyamata wina wa zaka 21. Usiku womwewo foni inali ikugwirabe ntchito, ndipo ataibayabaya anaona Facebook ya mwiniwake, dzina lili poyera. Pofika m'mawa inali itazima, eni ake atafufuta zonse ali kutali. Kamba analowetsa mutu. Apa munthu wamba akanabwerera pamalo paja n'kukausiya katunduyo m'manja mwa wogulitsa mowa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mnyamatayu anavula kava ija n'kuona kamera yakutsogolo, chinthu chimene iPhone ina iliyonse inalibe nthawi imeneyo, ndipo mtima unayamba kuwerengera. Patapita masabata angapo, foni inali m'manja mwa atolankhani a Gizmodo, amene analipira madola 5,000.

Pamene ndikufuna kukhalitsa ndi pa tebulo la Gizmodo, chifukwa apa ndi pamene mwambi unayamba kupsa mtima. Agogo ankanena za munthu wotola kamba n'kumunyamula basi. Sanaganizepo za munthu amene angamugule kwa womutola, n'kumugoneka chagada pansi pa getsi, n'kutenga sikuludiraiva. A Gizmodo anaimasula foniyo. Anapeza zipangizo zolembedwa dzina la Apple, batire lalikulu kuposa la foni yakale, ndi kabowo ka SIM khadi yaing'ono kuposa imene anthu anazolowera. Anajambula kutsogolo, kumbuyo, m'mbali ndi m'matumbo momwe, ndipo pa 19 Epulo dziko lonse linaona. Anthu mamiliyoni anathamangira kukasuzumira.

Kumasula n'kosavuta. Aliyense amene anatsegulapo wailesi ali mwana akudziwa kuti pamapeto pamatsala kasikuluwu kamodzi patebulo kosadziwika kwawo. M'zikalata za apolisi zimene zinadzatuluka pambuyo pake, a Apple anadandaula kuti foni yawo inabwerako itavulala: kawaya kena katadutsa, timano togwira chitseko chakumbuyo titathyoka, masikuluwu ena ataphwephweseka mitu, ndipo imodzi italowetsedwa pabowo losakhala lake mpaka kuyambitsa shoti. Akatswiri olemba za luso lamakono, owerengedwa dziko lonse, anagonja kwa kasikuluwu.

Steve Jobs mwiniwake, mkulu wa Apple panthawiyo, anaimbira foni Brian Lam, mkonzi wamkulu wa Gizmodo, kuti katundu abwerere kwawo. A Gizmodo anati palibe vuto, koma kaye mutilembere kalata yovomereza kuti ndi wanu. Tangoganizani. Mwataya chinthu, wina wachigula kwa wochitola, wachimasula, wachionetsa mudzi wonse, ndiye akuti mulembe kalata yopempha. Bruce Sewell, loya wamkulu wa Apple, analemba ndithu kalatayo, ndipo a Gizmodo anaiika pa intaneti ngati umboni wakuti kamba wawo sanali wadongo. Ndivomereze, pamenepa ndinaseka. Unali ukathyali, koma ukathyali wokoma kuuonera.

Kunyera kunayamba pa 23 Epulo. Apolisi a gulu lofufuza milandu ya zamakompyuta lotchedwa REACT anathyola chitseko cha nyumba ya Jason Chen, mkonzi amene anajambulitsa atanyamula foniyo, mwiniwake kulibe. Anachita chipikisheni n'kunyamula makompyuta ndi zipangizo zina. Apa panabuka mkangano weniweni, chifukwa California ili ndi lamulo loteteza atolankhani kuti boma lisamawalande zolemba zawo mwachisawawa. Ena anati Chen ndi mtolankhani, musamukhudze. Ena anati mtolankhani akagula katundu wakuba ndiye kuti wagula katundu wakuba, cholembera sichimuyeretsa.

Kodi foniyo inali yakuba? Ambirife timakhulupirira kuti chotola ndi mwayi. Malamulo a ku California sagwirizana nafe. Gawo 485 la malamulo a milandu kumeneko limanena kuti munthu akatola chinthu, ali ndi njira yodziwira mwiniwake, koma n'kuchisandutsa chake asanayesetse mokwanira kuchibweza, wapalamula mlandu wakuba. Ndiye mukumbukire Facebook ija. Dzina analiona. Malo amene anatolapo ankawadziwa. Likulu la Apple ku Cupertino silinali kutsidya la nyanja, ndi ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto. Kunamveka kuti panali kuyesa kuimbira nambala ya Apple yothandiza makasitomala koma sizinaphule kanthu. Chabwino. Koma munthu wofunadi kubweza chinthu satha masabata akufunsa atolankhani kuti apereka zingati. Amene anakamuneneza anali mnzake wokhala naye nyumba imodzi, poopa kuti kamba anyereranso iye.

Mu Okutobala 2011 wotola uja ndi mnzake amene anamuthandiza kusaka msika sanatsutse mlandu. Aliyense anapatsidwa chaka chimodzi chokhala akuyang'aniridwa ndi maola 40 ogwira ntchito yothandiza anthu, ndipo anauzidwa kubwezera Apple madola 250. A Gizmodo sanazengedwe mlandu. Chilango chawo chinali choti Apple inasiya kuwaitana kumisonkhano yake, kuyambira wa pa 7 Juni 2010 pamene Jobs anaonetsa foni imene aliyense anali ataiona kale. Mpaka apa agogo akupambana ndithu. Aliyense amene anamugwira kamba ananunkha, wina pang'ono, wina kwambiri.

Pamene mwambi ukundikhumudwitsa ndi pa injiniya uja. A Gizmodo sanakhutire ndi foni. Analemba dzina lake, anaika chithunzi chake, anafotokoza za tsiku lake lobadwa ndi mowa umene ankamwa. Iwo anati akumuteteza, poti munthu akadziwika ndi dziko lonse mabwana amachita manyazi kumuchotsa ntchito. Ine sindinamvepo chitetezo chotere. Munthu wa zaka 27 anadzuka m'mawa n'kupeza kuti tsiku loipitsitsa pa ntchito yake lasanduka nthabwala ya dziko lonse, ndipo lidzakhala pa intaneti mpaka adzukulu ake adzaliwerenge. Kampani ya ndege ya Lufthansa inafika pomulonjeza tikiti yaulere yopita ku Munich kuti akapitirize kumwa mowa wa ku Germany kwawo kwenikweni. Zoseketsa, inde, koma ngati woseketsedwayo si inu. N'chifukwa chake dzina lake simulipeza muno.

Atolankhani amati anthu ali ndi ufulu wodziwa, ndipo nthawi zambiri ndimakhala kumbali yawo. Foniyo ikanakhala ndi batire lophulika m'matumba a anthu, kampani n'kumabisa, ndikanati masulani, ngakhale ndi nkhwangwa. Koma chinsinsi chimene anagula ndi madola 5,000 chinali chakuti kukubwera kamera yodzijambulira, chinthu chimene eni ake akanalengeza okha pasanathe miyezi iwiri. Kumeneko ndi kusuzumira mumphika wa eni nsima isanapse. Chodabwitsa n'chakuti vuto lenileni la iPhone 4, loti netiweki inkatsika munthu akaigwira mwanjira ina, anadzalitulukira ndi anthu ogula foniyo ndi ndalama zawo, mpaka Jobs anaitanitsa msonkhano mu Julayi n'kulonjeza makava aulere. Pa tebulo la Gizmodo silikanaoneka, poti foni inali yozima.

Ndisanamiziridwe kuti ndikudana ndi sikuludiraiva. A iFixit amagula foni m'sitolo tsiku limene yatuluka, n'kuimasula mpaka kasikuluwu komaliza, n'kuuza anthu ngati ingakonzeke ikawonongeka. Ntchito imeneyo ndi yabwino, ndipo akonzi a mafoni kulikonse amapindula nayo. Kusiyana kwake ndi lisiti basi. Komanso sindikuwaombera m'manja apolisi aja. Kuthyola chitseko cha mtolankhani chifukwa cha foni imene inali itabwerera kale kwa eni ake kunali kuonetsa mphamvu, ndipo ndikukayika ngati akanathamanga choncho foniyo ikanakhala ya munthu wosauka.

Tsono funsani kuti ndani pa onsewa anatuluka malaya ali oyera. Mwini kamba. Kwa miyezi iwiri manyuzipepala ndi mawailesi a kanema ankalankhula za foni yake osamulipiritsa ngakhale khobidi. iPhone 4 inalowa m'masitolo pa 24 Juni 2010, ndipo m'masiku atatu oyambirira Apple inagulitsa mafoni 1.7 miliyoni. Madola 250 aja anangobwera ngati banyira.