Kodi Mankhwala Akugona M'dothi la ku Pamodzi?

Inu ophunzira, tandithandizani, mutu wanga waima. Akuti streptomycin, mankhwala akale a TB, anapezeka mu 1943 kwa bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Streptomyces. Kachilombo n'kupanga mankhwala ophera anzake? Akuti eya, mabakiteriya amalimbirana chakudya, ndiye amathirana poizoni, ife n'kumatola poizoniyo. Nanga dothilo latha kodi? Bwanji tikungomva zoti makapisozi akusiya kugwira ntchito, mpaka anthu pafupifupi 1.27 miliyoni kufa mu 2019 ndi mabakiteriya osamva mankhwala?

Mu 2002 asayansi ku England anawerenga majini onse a Streptomyces coelicolor, malangizo aja a m'kati mwake omuuza zoti apange. Anapezamo magulu oposa 20 opangira makemikolo osiyanasiyana, pomwe iwo ankadziwapo ochepa chabe. Ambiriwo ali zii, sagwira ntchito bakiteriyayo akakhala mu labotale. Ndi ulesi? Kapena n'chifukwa choti m'mbale mwa asayansi mulibe mdani womenyana naye? Akuti nthawi zina amamuikira bakiteriya wina pambali, kapena kumusinthira chakudya, kuti majini ogonawo adzuke. Ndiye kuti munthu amapita ku yunivesite kukaphunzira kuputa ndewu?

Koma zondizunguza kwambiri ndi za kampani ya Merck mu 2006. Anatenga Staphylococcus aureus, uja wa zithupsa ndi mafinya, n'kufooketsa jini imodzi yokha, yomwe amapangira mafuta a khungu lake. Kenako anamuthira timadzi tochokera kwa tizilombo tambirimbiri ta m'dothi. Timadzi topha wofookayo mosavuta kuposa mnzake wamphamvu ndiye kuti tamenya pamalo pomwepo, ngati kukankha mpando womwe mwaugwedeza kale mwendo. Anapeza platensimycin, ndipo dothi lake linachokera ku South Africa. Mankhwalawo sanafike m'zipatala chifukwa thupi limawataya msanga, komabe njirayo inatheka.

South Africa si kutali, mabasi amapita. Dothi lawo lili ndi chiyani chomwe la ku Pamodzi, kuno ku Ndola, lilibe? Ku Kitwe kuli Black Mountain, mulu wa zotsalira za mgodi. Tizilombo topirira dothi la mkuwa lozungulira kumeneko, tilibe majini ogona aja? Kuno ku Ndola anatsegula Tropical Diseases Research Centre (TDRC) mu 1975, pachipatala chachikulu pomwepa, ndipo tilinso ndi sukulu ya udokotala ya Copperbelt University. Chikusowa ndi makina, ndalama, kapena wofunsa? Ndipo mankhwala atsopano akapezeka, sitidzawawononganso ndi chizolowezi chathu chogula makapisozi awiri, n'kusiya tikangopezako bwino?

Inu a ku TDRC, tiyankheni m'chilankhulo chomveka. Ngati vuto ndi dothi, tibweretsa tokha pa wilibala.