Mphuno Yanga Ikungowonongeka ku Ntcheu Kuno

Ku America kuli bambo wina, Robert Parker, amene anaika mphuno yake pa inshulansi ya madola 1 miliyoni. Mphuno, abale anga, yomweyi timaminira chimfineyi. Mkuluyu anali loya, koma mu 1978 anayamba kulemba kanyuzi ka vinyo kamene kanatchuka ndi dzina loti The Wine Advocate, n'kumapereka malikisi kwa botolo lililonse, olekezera pa 100. Vinyo akangopata 100, mtengo wake unkauluka. Pofika 1984 uloya uja anautaya, n'kumadyera mphuno basi.

Ndiye ine ndakhala ndikutani zaka zonsezi? Kuyambira pa Kampepuza mpaka pa Lizulu, palibe mayi wofulula masese amene sadziwa kuti ndikafika ndimayamba ndi dyonkho. Chimera chosapsa ndimachimva ndili kumsewu. Kachasu wa mutu ndimamuzindikira asanamuyatse ndi machesi. Ntchito ndi imodzi, koma mnzangayo amalembedwa m'mabuku a mbiri, ine m'kope la ngongole.

Musati ndi za azungu okha. Anyamata anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anatsikira ku Joni kukasaka maganyu, n'kusanduka akatswiri a vinyo m'malesitilanti a ku Cape Town. Mu 2017 anakaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wolawa vinyo osaona botolo, mpaka anawajambula filimu yotchedwa Blind Ambition. Alamu anga anatsikanso zaka zomwezo. Anabwerako ndi jekete lachikopa ndi chifuwa.

Loweruka lina ndinavala jekete lomwelo, bolopeni m'thumba, ulendo kwa mayi wina wofulula kuseri kwa msika. Malamulo a ntchitoyi ndinali nditawaloweza: umayang'ana mtundu, umazunguza, umanunkhiza, umapsontha pang'ono, kenako umalavula.

Kuyang'ana kunavuta, chifukwa chipanda sichioneka mkati. Kuzunguza kunatheka, koma theka la mowa linathera pa nsapato za mdala amene anakhala pafupi nane. Ndinaviika mphuno mpaka inatuluka ndi masese kunsonga. Akatswiri aja akanunkhiza amati akumva zipatso, maluwa, ngakhale chikopa. Inenso ndinatsinzina n'kulengeza kuti ndikumva utsi wa nkhuni zaziwisi, kafungo ka thumba la feteleza m'mene munali chimanga, ndi kambuzi chapatali.

"Mbuziyo ili kumbuyo kwanuko, achimwene," anatero mnyamata wina.

Kenako ndinalavula. Bwalo lonse linati zii. Mngoni kulavula mowa, masana dzuwa likuswa mtengo! Mdala wa nsapato uja anavula chipewa n'kundifunsa mwaulemu ngati kwathu kwagwa zovuta. Nditafotokoza kuti oweruza amalawa mavinyo ochuluka tsiku limodzi, ndiye akamameza sangafike kumapeto, iye anati munthu wosafika kumapeto ndiye kuti mowawo ndi wabwino, nanga kuweruza kwina n'kotani?

Ndinalemba 87 pa chikatoni n'kukweza m'mwamba.

"Bambo, 13 yatsalayo yapita kuti?" anafunsa mwini mowa, manja m'chiuno.

Ndinati mowawo ukusowa thupi. Iwo anati thupi lake ndi lomwe ndalavulalo, ndipo poti lero ndabwera ndi bolopeni yanga, ndiwerengetse ndekha zimene zili m'kope kuyambira nthawi yokolola mbatata ya kachewere. Titawonkhetsa, ndinaona kuti mowawo unali ndi ubwino wina wobisika. Ndinafufuta 87 n'kulemba 98.

Apa ndiye pali fupa la ntchitoyi. Mu 1976 ku Paris, Mngelezi wina wogulitsa vinyo, Steven Spurrier, anasonkhanitsa akatswiri a ku France n'kuwalawitsa mavinyo atabisa maina. Iwo, osadziwa, anapereka ulemu woyamba kwa vinyo wa ku California, kusiya wakwawo. Anachita manyazi, koma madzulo aliyense anakagona kwake mwamtendere. Kuno mungabise chiyani? Mowa wa apongozi anga ndimaudziwa ndi chipanda chomwe, chili ndi mng'alu womata ndi phula. Wachiwiri pa mpikisano ndi mlongo wa akazi anga. Wachitatu ndi amene anandibwereka khasu. Parker sanakamwe vinyo wa apongozi ake iwo atakhala pamphasa potero akumuyang'ana pakhosi.

Mbiri inandipitirira kunyumba. Ndinapeza mayi a ana atakhala pakhonde, mtsuko wa thobwa pambali.

"Tamva kuti mwayamba kupereka malikisi. Talawani uyu, a jaji."

Thobwa linali losasa pang'ono, ladzana. Ndinayang'ana mtundu, ndinayang'ananso mthiko umene unali m'manja mwawo. Sindinazunguze, sindinalavule. Ndinapereka 100, n'kupempha kuti andiwonjezere.

Panopa ndikufufuza wa inshulansi amene angalandire mphuno yangayi. Mmodzi wa pa boma anaiyang'ana mbali zonse, n'kunena kuti kaya za kununkhiza, koma poona m'mene ndikuyendetsera ntchito, ngozi yoti wina aiphwanya ndi yaikulu kwambiri moti sangayerekeze.